Dzanja Lothira Mchere

"Botolo limenelo ikani pansi, amake Tracy. Kuyambira lero, mchere m'nyumba muno ndizithira ndine."

Selina anatembenuka, botolo la mchere lili m'manja. Pakhomo la khitchini panali pataima aNagama, mlongo wawo wa apongozi ake aamuna, amene anafika dzulo lake kuchokera ku Katondo, mbali ina ya tauni ya Kabwe, ndi chikwama chooneka kuti sichibwerera msanga. Nyemba zinali kuwira pambaula. Selina anafunsa mwaulemu ngati mwina dzulo anachulutsa mchere.

"Musadzipusitse, mukudziwa chimene ndikunena. Achimwene anga ali gone m'chipatala, miyendo ili ngati mitondo, chifuwa chosaleka, mpweya wochita kupempha. Kwathu ku Ntcheu matenda amenewa ali ndi dzina. Ndi mdulo. Ndipo mdulo sugwa ndi mvula. Umabwera ndi mkazi amene wagona kumene sayenera kugona, kenako n'kudzathira mchere m'ndiwo za anthu osalakwa."

Selina anachita ngati amuwomba mbama. Anayang'ana panja, pamene mwamuna wake Kingstone anakhala pabenchi akukonza wailesi imene komboni yonse ya Chowa inkadziwa kuti sidzalankhulanso. Mawu a azakhali akewo anawamva onse, koma anangolowetsa mutu mu wailesimo.

"Anti, ine ndine nesi," anatero Selina, mawu ali pansi. "Atate adwala mtima. Mtima wawo walema, sukwanisa kupopa bwino, ndiye manzi yankala mu mendo na mu chifuwa. Dokota anakamba pamenso pa mwana wanu uyu."

"Nesi wa salaula?" ANagama anaseka monyogodola. "Unesi wanu unatsekedwa limodzi ndi mgodi. Lero ndinu mayi wa m'mabasi. Kawiri pa mwezi ku Lusaka, kugona konko, kubwera ndi mabelo. Ife tidziwa bwanji kuti mumagona ndi belo? Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu."

Pamenepo anabaya pachilonda. Selina anagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi pa kiliniki ya mgodi, ndipo mgodi utatsekedwa chaka chatha, yunifomu yake yoyera anaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi. Sabata yomweyo Kingstone nayenso anabwera ndi kalata yake yomuchotsa ntchito. Chiyambire pamenepo, salaula wonyozedwayo, zovala za kaunjika zija, ndiye ankadyetsa nyumba yonse, kuphatikizapo aNagama omwe, amene mwezi uliwonse ankalandira kathumba ka ufa ku Katondo osafunsa kuti kagona kuti.

Selina anafunsa kuti anamuona ndi ndani. ANagama anati utsi sufuka popanda moto, ndipo mwendo wotupa ndiwo utsi wake. Anasimba za malume awo amene anafa atatupa chimodzimodzi, mkazi wawo n'kudzaulula pamanda kuti anali ndi kapitawo wa pa esiteti. Nkhani imeneyi inachitika zaka makumi asanu zapitazo, koma aNagama ankaisunga ngati chiphaso.

"Atate ake Tracy, mwamva zamene akamba anti?"

"Si ni mchere chabe?" anayankha Kingstone osadzutsa mutu. "Alekeni azithira. Osachita nkhondo pa mchere."

Selina anaika botolo patebulo pang'onopang'ono. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti ndiwo za wodwala azizipatula mchere usanalowe, chifukwa dokotala waletsa ngakhale wotsina ndi zala. ANagama anagwedeza mutu mokhutira. Kwa iwo, mkazi woopa mchere anali atavomera kale mlandu.

Mu wodi ya amuna pachipatala cha boma munali mabedi makumi atatu ndi manesi awiri. Mgodi utatsekedwa, anthu onse amene kale ankapita ku makiliniki a kampani anakhamukira kumeneko, moti wodwala wopanda m'bale ankangowerenga malata kudenga. Wamkulu wa wodiyo anali Sisitala Lubuto, amene anaphunzira unesi limodzi ndi Selina. Iye anamuuza mosabisa kuti mapiritsi ndi jekeseni apereka, koma zosambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza wodwala, banja lidzionere.

Kingstone anayesa tsiku limodzi. Ataona bedipani, chiwiya chimene wodwala amadzithandiziramo ali pabedi, anatuluka thukuta, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti ku tauni kuli munthu amene anamulonjeza ganyu. ANagama anali ndi msana. Choncho ntchito inagwera munthu yemweyo amene mwambo unkamuletsa ngakhale kugwirana chanza ndi wodwalayo.

Zaka khumi ndi ziwiri za ukwati, a Langton Chikomeni ndi mpongozi wawo anali asanayang'anizanepo m'maso. Selina ankawapatsa moni atagwada kuseri kwa chitseko, iwo n'kuyankha akuyang'ana mtengo wa mango. Tsopano ankayenera kuwasambitsa. Anapeza njira yake. Ankawafunditsa chitenje kuyambira pakhosi mpaka m'mawondo, n'kumawapukuta ndi thaulo lonyowa pansi pa chitenjecho, nkhope italoza kukhoma. A Chikomeni akafuna kanthu ankauza chitsulo chopachikapo diripi. "Auzeni amake Tracy kuti madziwa atentha." Selina ankayankha chitsulo chomwecho kuti wamva. Odwala anzawo ankaseka mpaka kutsokomola.

Koma ntchito yeniyeniyo sinali ya masewera. Selina anatulutsa mu sutikesi wotchi yake ya unesi, ija yolendewera pachifuwa, n'kuibaya pa bulauzi. A Chikomeni akagona chagada ankabanika ngati munthu womira, ndipo chipatala chinali ndi pilo mmodzi pa bedi, ndiye Selina anabweretsa thumba la majekete amene anakanika kugulika n'kuwatsamiritsa kuti azigona chokhala. M'mawa uliwonse, asanawapatse kapiritsi koyera ka mtima, ankagwira mtsempha wa padzanja mphindi yathunthu, maso ali pa wotchi. Ukagunda mochedwa kwambiri, kapiritsiko kankadikira Sisitala Lubuto. Madzi akumwa ankawayeza m'botolo limodzi la tsiku lonse, ndipo mikodzo ankaiona kaye kuchuluka kwake asanakataye. Msana ndi zidendene ankapaka mafuta kuti pasatuluke zilonda. Analinso ndi kachingwe kosomola pathumba la ufa, kamene ankazunguliza pa kakolo wa kumanzere m'mawa uliwonse, n'kumanga mfundo pamene kakumana.

Sabata yoyamba mfundo zinkabwerera m'mbuyo tsiku ndi tsiku. Mwendo umene poyamba ukaudina ndi chala pankatsala dzenje unayamba kuoneka fupa. Mpweya utabwerera, a Chikomeni anayamba kulankhula, ndipo nkhani yawo inali imodzi yokha. Anagwira ntchito ya mapampu pansi pa mgodi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ankauza wodi yonse kuti mgodi wa Kabwe unali dziwe lobwereka, kuti amuna ankakumba mtovu chifukwa chakuti iwo, Chikomeni, anali atawagwira madzi pakhosi. Pampu ikangosintha kulira, iwo ankamva ngakhale ali pa chakudya. Selina ankamvetsera akupinda thaulo, ndipo ankakondwa akamadzitama choncho, chifukwa munthu akamatha kudzitama ndiye kuti mpweya ulipo.

Chimene ankadana nacho chinali chakudya. Ankauza chitsulo cha diripi kuti nyemba zopanda mchere zili ngati kutafuna bulangete, ndipo kuti sanawoloke malire ali mnyamata kuti adzadye ngati mkaidi. Selina ankayankha chitsulocho kuti ayesa kuwonjezera anyezi.

Sabata yachiwiri katundu wa kumsika anafuna mwini wake. Selina ankafika m'mawa, masana n'kuthamangira ku tebulo lake la salaula, ndipo chakudya cha masana ankabweretsa anali aNagama. Lachiwiri kachingwe kanakana kufika pa mfundo ya dzulo lake. Lachinayi mwendo unali utabwerera pa mfundo ya tsiku loyamba, ndipo sikelo inaonetsa makilo awiri ongobwera. A Chikomeni anasiya nkhani za mapampu. Ankakhala atagwira m'mbali mwa bedi, pakamwa pali yasa, milomo itada, ndipo silinda imodzi ya okosijeni ya wodi yonse anaikokera pa bedi lawo.

"Selina, mudala uyu adya chani?" anafunsa Sisitala Lubuto. "Mapilisi ni yamene yaja, jekeseni tawonjeza. Manzi yachoka kuti?"

Tsiku limenelo Selina sanapite kumsika. Anadikira kuti aNagama amalize kudyetsa, n'kutenga kontena ngati akukatsuka. Anapisa chala mu msuzi wotsala n'kulawa. Mchere wake unali wotha kusungira nsomba. Mu kabati ya pambali pa bedi, kuseri kwa sopo, munali kapenta wokazinga m'pepala ndi bokosi la machesi lodzaza mchere.

ANagama sanakane n'komwe. "Ee, ndikuthira. Nanga munthu adye bwanji zosakolera? Ine ndine nkhalamba, ndinazizira kalekale. Mchere wa dzanja langa sudula munthu. Woopsa ndi wanuwo."

Selina anafotokoza, poyamba mofatsa kenako mokweza mawu, kuti mchere sufunsa dzanja limene lauthira. Ukalowa m'thupi umagwira madzi, ndipo mtima wotopa sungathe kuwakankha. ANagama anati mchere anadya makolo awo onse n'kufa ndi imvi. Anati kutupako kwabwerera chifukwa mkazi wa moto akugwiragwira wodwala m'mawa uliwonse, chinthu chimene ngakhale anthu osapemphera sachita kwa apongozi awo. Galu wamkota sakandira pachabe, anatero, ndipo iwo mdulo anauona Selina asanabadwe.

Nthawi yonseyi a Chikomeni anali atatsinzina. Selina anali atawerenga mpweya wawo masiku khumi ndi awiri, ndipo ankasiyanitsa kupuma kwawo kwa tulo ndi kupuma kwa munthu womvetsera. Anali maso. Anamva mpongozi wawo akunenedwa zachiwerewere pamaso pa wodi yonse, koma sanatsegule diso. Chimenecho chinamupweteka Selina kuposa mawu onse a aNagama. Anatenga bokosi la machesi lija n'kukapereka kwa Sisitala Lubuto, amene analamula kuti kontena iliyonse izidzera kaye pa tebulo lake.

Koma mchere wa masiku anayi unali kale m'thupi. Lachisanu chakumasana a Chikomeni anayamba kutsokomola thovu, maso atatuzuka, manja akupalasa m'mwamba. Panalibe nthawi yolankhula ndi chitsulo. Selina anawadzutsa n'kuwakhazika m'mphepete mwa bedi, miyendo ili lende pansi, anatsegula okosijeni, anaitana Lubuto kuti athamange ndi jekeseni yochotsa madzi. Anawagwira m'mapewa, mutu wa imviwo uli paphewa pake, akubwereza kuti, "Pumani na ine, atate, pumani na ine." Malaya awo ananyowa ndi thukuta, bulauzi yake nayonso. Patapita ola, botolo la mikodzo linadzaza kawiri, ndipo chifuwa chinasiya kulira ngati ketulo.

Ku sinki, akusamba m'manja, Lubuto anauza Selina kuti manja ake sanaiwale ntchito. Anawonjeza kuti akanakhala iye akanawasiya anthu amenewa ndi mwambo wawo, aone ngati mizu imatembenuza wodwala.

"Peshenti sasankha achibale," anatero Selina. Anabwerera kukasintha shiti. A Chikomeni anali atatembenukira kukhoma, ndipo tsiku limenelo sanauze chitsulo kanthu kalikonse.

Nkhani inali itafika ku Chowa minibasi isanafike. Pa mpopi amayi ankasiya kulankhula Selina akamayandikira. Mnzake wa kumsika, amene ankadya naye mbale imodzi, anayamba kubwera ndi ndiwo zake. Selina ankayenda khosi lili chilili, wotchi ili pachifuwa, ndipo anthu ankati ndi matama. Anali matama ndithu, ndipo analibe china chomuchirikiza.

Loweruka masana, akusita malaya a apongozi ake, Kingstone anaima pakhomo akukanda m'mutu. Anati azakhali apeza mizu kwa munthu wina wa ku Katondo. Mankhwalawo anali oti wolakwa athiremo mchere ndi dzanja lake, anene chimene anachita, kenako amwetse wodwala. Mawa pa nthawi yoona odwala abwera ndi a Sailas, nkhoswe ya ukwati wawo. Selina akakana, a Sailas amuperekeza kwa makolo ake.

"Chita chabe, Selina, nkhani isile. Kapu imozi chabe."

"Nichite chani? Nikambe kuti ninagona na mwamuna wina?"

"Olo osakamba. Thira chabe mchere."

"Dzulo atate anu anatsala pang'ono kufa pa phewa panga chifukwa cha mchere. Munali kuti?"

Kingstone anayang'ana pansi. Kenako, ndi mawu aang'ono ngati obwereka, anafunsa, "Koma ku Lusaka kuja, umagona kuti?"

Selina anaimika nsimbi. Mwamunayu ankadziwa bwino lomwe kuti mkazi wake amagona pa makatoni pa siteshoni ya mabasi, atakumbatira belo kuopa akuba, chifukwa ndi iye yemwe amene ankamutikita msana akabwerako. Selina anapinda malaya aja mosamala, kolala ili bwinobwino, n'kuwaika m'chikwama. Anamumvera chisoni Kingstone, kuti mgodi unamulanda ntchito n'kumusiya wopanda mawu m'nyumba mwake momwe, koma chisonicho sichinachotse mkwiyo.

Lamlungu wodi inadzaza ndi alendo ovala za kutchalitchi. Sisitala Lubuto anali pa ofu, ndipo nesi mmodzi amene analipo anali kumapeto kwa wodi ndi munthu wa ngozi ya galimoto. ANagama analowa ndi fulasiki, a Sailas pambuyo atavula chipewa, Kingstone kumapeto. A Chikomeni anali atatsamira thumba la majekete, timapaipi ta okosijeni tili m'mphuno.

ANagama anathira mankhwala akuda m'kapu ya pulasitiki, anamasula pepala la mchere wodzaza dzanja n'kuliika pa bedi. A Sailas anakonza pakhosi n'kuyamba ndi mawu ofewa, kuti palibe amene wabwera kudzachititsa munthu manyazi, kuti kulakwa n'kwa anthu, kuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Anapempha amake Tracy kuti achite mwambo, mkulu apulumuke, banja lipitirire.

Selina anaimirira pakati pa kapu ndi bedi. Mawu ake anatuluka owongoka.

"A Sailas, nakulemekezani. Ine sininagonepo na mwamuna wina, ndipo sinizakamba boza kuti anthu akondwere. Mukafuna kunipeleka kwathu, nizalonga neka. Koma mchere uyo ukangena mu thupi ya atate lelo, mailo muzaimba nyimbo za malilo. Apa pa bedi si apongozi anga chabe, ni peshenti wanga. Kapu iyo siipita."

ANagama anatembenukira kwa Kingstone kuti alamule mkazi wake. Kingstone anayang'ana azakhali ake, anayang'ana Selina, n'kunena kuti mwina athire pang'ono chabe. A Sailas anang'ung'udza kuti mapanga awiri amavumbwitsa. Pamenepo aNagama anagwira dzanja la Selina n'kuyamba kulikokera ku pepala la mchere.

"Nagama, siya dzanja limenelo."

Anali a Chikomeni. Anali atachotsa timapaipi m'mphuno. Mawu ankatuluka atatuatatu, mpweya pakati, ndipo odwala a m'mabedi oyandikana nawo anatchera khutu.

"Mwabwera kuti munthu aulule. Chabwino. Ndiulula ine. Dokotala poletsa mchere ndinalipo. Ndinamva. Amene anapempha mlongo wangayu kuti azindithirira mobisa ndine. Kapenta ndinaitanitsa ndine. Ndinkati, zaka makumi atatu pansi pa nthaka, lero mwana wa dzulo andiuze chodya? Miyendo itatupanso, ndinadziwa chimene chatupitsa. Lachinayi lija ndinali maso. Ndinamva zonse. Ndinakhala chete chifukwa cha manyazi, n'kusiya mwana wa eni asenze katundu wanga. Mawa lake mwana yemweyo anandinyamula paphewa ndikumira. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Khoswe wake ndine."

Mpweya unawathera. Selina anafuna kubwezera timapaipi, koma iwo anakweza dzanja kuti adikire.

"Sailas, iwe unali pansi pa mgodi ndi ine. Chaka chatha anazimitsa mapampu anga. Lero shafuti yadzaza madzi mpaka m'khosi. Tandiuza, ndi mkazi wa yani anachita chigololo kuti mgodi utupe?"

Munthu wina pa bedi lachitatu anaseka, kenako anadzigwira pakamwa. A Sailas anayang'ana m'chipewa chawo.

"Pampu ikatopa, madzi amakwera. Zimenezi ndinayenera kuzidziwa ine kuposa dokotala. Pampu yanga yatopa, ndipo m'banja lonseli amene amadziwa kulira kwake ndi mmodzi." Anatembenuza mutu. Sanayang'ane chitsulo cha diripi. Anayang'ana mpongozi wawo m'maso, koyamba chilowereni Selina m'banjamo. "Asisitala, ndikhululukireni. Bwezerani mpweya wanu uja, ndatopa."

Selina anabwezera timapaipi, anakonza thumba kumsana, anagwira mtsempha n'kuyang'ana wotchi. Manambala sankaoneka bwino chifukwa cha misozi, choncho anawerenga kawiri. Chichokereni pa kiliniki ya mgodi, palibe amene anali atamuitanapo ndi dzina limenelo.

ANagama anakhala pansi pa simenti, kapu ili m'manja. Ukali wonse unali utaphwa. Anayamba kulira mwakachetechete, akunena kuti mwa anthu onse amene anakwera nawo lole kuchoka ku Ntcheu atsala awiri okha, ndipo achimwene akapita, iwo Chichewa cha kwawo adzalankhula ndi yani m'dziko la eni. Selina anawayang'ana nthawi yaitali. Sanali wokonzeka kuwakhululukira, ndipo sananamizire. Koma anatulutsa kachingwe kaja m'thumba n'kuwapatsa.

"Anti, gwirani. Zungulizani apa pa kakolo, mumange mfundo mweka. Masiku yasanu kulibe mchere, olo wanga olo wanu. Tizaona pamozi."

ANagama anamanga mfundoyo mwamphamvu kuti wina asadzaisunthe. Mankhwala akuda aja anakawataya a Sailas pa maluwa panja. Kingstone, popanda womutuma, anatenga bedipani pansi pa bedi n'kutuluka nayo atatambasula manja kutsogolo ngati wanyamula mbaula ya moto.

Lachisanu lotsatira, pakati pa kachingwe ndi mwendo pankalowa zala ziwiri za aNagama. Anayeza katatu. Anati mwina ulusi watamuka.

Patapita masabata awiri a Chikomeni anatuluka m'chipatala. Dokotala sananame. Anati mtima sudzakhalanso watsopano, mapiritsi ndi a moyo wonse, ndipo tsiku lina madzi adzapambana. A Chikomeni anayankha kuti madzi amapambana nthawi zonse, ntchito ya munthu ndi kuwachedwetsa. Anakana kunyamulidwa potsika minibasi ku Chowa. Anayenda okha kuchoka pamsewu mpaka pakhomo, akupumira pa mtengo uliwonse wa magetsi, ndipo aliyense wowapatsa moni ankamuuza mokweza kuti ali moyo chifukwa cha manja a mpongozi wawo, nesi wa pa mgodi. Amayi a pa mpopi anamva bwino, pakuti pamenepo a Chikomeni anapumira kawiri.

Tsiku limenelo Selina anaphikanso nyemba. Zitapsa anapatula za apongozi ake m'kambale, anathiramo tomato ndi anyezi wambiri, n'kufinyiramo ndimu kuti pakamwa pasadandaule. Kenako anabwerera m'mbuyo, monga anali atachitira mwezi wonse, kuti aNagama adzathire mchere mumphika waukulu.

ANagama analowa, anatenga botolo pa shelefu, analiyang'ana, n'kuliika pafupi ndi mbaula.

"Za achimwene mwapatula?"

"Napatula, anti."

"Ndiye mukudikira chiyani? Ine dzanja likundiwawa."

Kupepesa kwa aNagama kunathera pomwepo, ndipo Selina anadziwa kuti kwina sikudzabwera. Anatsegula botolo, anathira m'chikhatho, anawaza mumphika, anatakasa n'kulawa. Mchere unali utakolera bwino ngati kale.

Mbale yoyamba sanaipereke kwa aNagama. Anatuluka nayo pamodzi ndi nsima n'kuiika pabenchi pamene Kingstone anakhala ndi wailesi yake ija. Sanagwade.

"Mchere nathira ndine, atate ake Tracy. Ngati muyopa, kambani manje, anthu onse alipo."

Kingstone anaika wailesi pansi. A Chikomeni anali kuyang'ana ali pampando wawo patsinde pa mango, aNagama ali pakhomo la khitchini. Kingstone anasamba m'manja, anatema mbamu, anaisunsa mu msuzi mpaka zala kunyowa. Selina anaima pomwepo, manja atapinda pansi pa wotchi yake, ndipo sanachoke mpaka mwamunayo atameza.